Gulu loimba motsitsa mawu limene linakuza bizinesi yathu

Ntchito yathu ndi yobwereketsa komanso kuyendetsa zokuzira mawu pa zoimbaimba. Tinaiyamba mu 2016, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi masipika awiri, mikisa (makina osakaniza mawu) ya matchanelo 8 ndi maikolofoni anayi a Shure SM58, aja akhala akupangidwa kuchokera mu 1966 ndipo akagwa amangophwanyika chisoti n'kupitiriza ntchito. Nthawi imeneyo tinkadziwa chinthu chimodzi basi, kukweza mawu mpaka anthu adzuke avine.

Kenako tinaitanidwa ndi achinyamata anayi oimba nyimbo za indie folk. Izi ndi nyimbo za gitala ya bokosi, banjo, vayolini ndi mawu olukana bwino, ndipo oimba ake ambiri amayamba pojambula ndi kugulitsa okha. Zinamveka kwambiri cha m'ma 2008 ndi 2009, pamene magulu ngati Fleet Foxes a ku Seattle ndi Mumford & Sons a ku London anatchuka. Anayi athuwa analibe dzina. M'kachipindamo munali anthu osapitirira 30.

Usiku umenewo ndinachita manyazi kwambiri. Nditangokweza, gitala inayamba kubangula, masipika n'kuliza mluzu wolasa m'makutu, anthu akutsogolo n'kugwira mitu. Mtsikana wotsogolera nyimbo anaima, anandiyang'ana mofatsa, nati: "Achimwene, tsitsaniko pang'ono, anthuwa amve ndi kupuma kwathu komwe." Ndinatsitsa mpaka ndinayamba kuopa kuti sakumveka. Chipinda chonse chinati zii. Ndinamva chala chikutsetsereka pa nsambo ya gitala, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo pa ntchito yanga.

Ndinakhala masabata ndikufufuza chinalakwika. Bokosi la gitala limanjenjemera lokha pa mawu otsika, cha pa 100 Hz (kunjenjemera ka 100 pa sekondi), ndiye sipika ikaliyandikira ziwirizi zimangobwezerana mawu osalekeza. Tinagula kachitsekero ka labala kotseka bowo la gitala, tinagula DI box (kabokosi kolumikizira gitala ku mikisa), ndipo ndinaphunzira kuchepetsa mawu a pamalo ovutawo m'malo mokweza zonse. Koma chimene chinatisinthiratu ndi maikolofoni imodzi ya mtundu wa condenser, yomva ngakhale mawu apansipansi, yofuna mavoti 48 ochokera pa mikisa. Onse anayi amaizungulira monga amachitira oimba bluegrass, nyimbo zakumudzi za ku America. Woimba yekha amasendera pafupi, anzake n'kubwerera phazi limodzi. Mng'ono wanga amamata tepi pansi posonyeza poima aliyense, ndipo wa banjo timamuika kumbuyo kwenikweni chifukwa chipangizo chake n'chaukali.

Ndalama zotilipira analibe, choncho tinagwirizana zogawana za pakhomo. Abale anati tapenga. Anthu 30 aja anasanduka 100, kenako 300, ambiri obwera chifukwa mnzawo anawauza. Tsiku lina ndinajambula zonse kuchokera pa mikisa, iwo n'kuziika pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo, ngati chimbale chawo choyamba, ndi chifuwa cha munthu wina chikumveka mu nyimbo yachitatu. Anakana kuchichotsa, ndipo ndikuona kuti anachita bwino.

Mu 2020 mliri wa COVID-19 unatseka zonse. Katundu anangokhala m'nyumba, ngongole ya galimoto ikudikira, ine tulo osabwera. Tinayamba kuulutsa zoimba zawo pa YouTube kuchokera pabalaza. Kuyambira mu Marichi chaka chimenecho, Bandcamp inkasiya kudula gawo lake pa masiku ena a Lachisanu, ndipo zimene anapeza pamenepo anatigawirako osawapempha. Mpaka lero ndikakumbukira misozi imalengeza.

Zinthu zitatseguka anaitanidwa ku chikondwerero cha pabwalo, ndipo anauza okonza kuti popanda ife sabwera. Pabwalo mawu amathawa. Tinaika masipika ena pakati pa anthu, mamita 34 kuchokera pa nsanja, ndipo poti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, tinawachedwetsa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi kuti afike pamodzi ndi akutsogolo. Mng'ono wanga anayeza mtundawo ndi tepi kawiri, manja akunjenjemera. Pa nyimbo yomaliza khamu lonse linalandira kolasi, anayi aja anachoka pa maikolofoni, ine ndinatsitsa mikisa yonse mpaka pansi n'kungoima.

Panopa tili ndi antchito asanu, ndipo oimba ena a nyimbo zofatsa amatifunafuna. Gulu lija likamapita kutali limagwiritsa ntchito makampani aakulu, zomwe zinandipweteka poyamba, koma mtima unakhala pansi nditaona kuti katundu wathu sangadzaze mabwalo amenewo. Loweruka likubwerali akuimbanso m'chipinda cha anthu 80, ndipo mtsikana uja waimba kale foni kufunsa ngati maikolofoni ija ikadalipo. Ndaipukuta, ili m'bokosi lake pafupi ndi tepi.