Thumba la huva lisankhidwe poona fumbi lomwe mukukoka

Anzanga ambiri amene timakonza nawo nyumba kuno ku Johannesburg amagula thumba la huva (makina okoka fumbi) mongoyang'ana mtengo. Lotchipa ndilo limenelo, bola likwane pamakina. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa utuchi, fumbi la pulasitala ndi fumbi la konkire sizifanana m'pang'ono pomwe, ndipo palibe thumba limodzi lomwe lingazithe zonse bwinobwino.

Matumba apepala sindiwanyoza. Pa utuchi wouma wochokera ku sowo amagwira ntchito ndithu. Koma talowani nalo m'bafa momwe mwangogumula matailosi. Pansi pali timiyala takuthwa, pena msomali, pena chinyontho cha payipi yodontha. Pepala likangonyowa limafewa, kachidutswa ka tailosi kamalowa ndi liwiro, ndiye mumangomva kulira kwa makina kwasintha. Kutsegula, mupeza thumba lang'ambika m'mbali, fumbi lonse lamatirira pa fyuluta, sefa ya m'kati mwa makina, kuti mbuu. Nthawi zambiri fyulutayo ndi yodula kuposa paketi ya matumba yomwe mumaiumira ija.

N'chifukwa chake pa ntchito yogumula ndimagula matumba a fleece, ansalu yofewa yonga ya masiki. Sang'ambika msanga, chinyontho pang'ono sichiwaopsa, ndipo mpweya umadutsabe ngakhale atayamba kudzaza.

Fumbi lovuta kwambiri ndi lija losalala ngati ufa woyera, lotuluka mukamakwecha khoma kapena siling'i ya gypsum. Limeneli limatseka timabowo ta thumba lisanafike ndi theka lomwe. Mnyamata wina amene ndimagwira naye anandiitana tsiku lina: "Achimwene, huva yafa, siikukokanso." Thumba kulinyamula linali lopepuka, koma kuligwira m'kati munali mutauma gwaa, fumbi litamata ponseponse. Tinangoika lina, makina n'kuyambanso kukoka. Alipo ena amene amadula thumba kunsi, n'kukhuthula, n'kumata ndi tepi kuti aligwiritsenso ntchito. Timabowo tija timakhala totsekabe, injini imatentha, ndipo fumbi lomwe amakhuthulalo amalipuma okha.

Ngati ntchito yanu yaikulu ndi gypsum ndi simenti, makina oyenera ndi aja amene amadzikuntha okha fyuluta, monga Bosch GAS 35 M AFC kapena Festool CT 36 AC. Mumawamva akugunda kuti gu gu gu pakapita timasekondi. Amenewa amayenda bwino ndi thumba lapulasitiki lotsegula kukamwa: fumbi limagwa kuchokera pa fyuluta n'kulowa m'thumbamo, mukamaliza mumanga ndi kutaya.

Pali chinthu china chimene ogulitsa ambiri safotokoza. Makina a ntchito ngati zathuzi ali m'magulu atatu, L, M ndi H, malinga ndi muyezo wa IEC 60335-2-69, ndipo chilembocho chimakhala pa chomata pathupi pa makina. A gulu L amagwira 99 peresenti ya fumbi, a M 99.9 peresenti, a H 99.995 peresenti. Pa konkire, njerwa, MDF (matabwa oumbidwa ndi utuchi) ndi matabwa olimba pamafunika M kapena kuposa apo. Makina a M amaliranso kukuchenjezani liwiro la mpweya wa m'payipi likatsika osafikanso mamita 20 pa sekondi, kutanthauza kuti thumba latseka kapena payipi yatsamwa. Musanamizike kuti mukaika thumba lolembedwa M mu huva ya panyumba ndiye kuti yasanduka M. Gululo ndi la makina onse, fyuluta ndi mphira zotseka m'mbali zomwe.

Ena amandiseka kuti ndimachita kuonjeza. Koma ife a ku Malawi tisamachite ngati fumbi la mwala sitilidziwa. Azigogo athu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela, ambiri anabwerera kumudzi akutsokomola, kukwera kaphiri kochepa mpweya n'kuwathera. Matenda a silicosis amabwera ndi fumbi la silica, ndipo mapapo akaonongeka nalo sachira. Mu 2019 khothi kuno linavomereza chipukuta misozi cha ma rand 5 biliyoni kwa anthu amene anadwala silicosis ndi TB m'migodi ya golide, ndalama zomwe zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Silica yemweyo ali mu mchenga, mu njerwa ndi mu konkire yomwe timadula ndi girayinda tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri m'chipinda chotseka mazenera kuti fumbi lisafike kwa eninyumba.

Za asibesitosi, chipangizo cha madenga akale chomwe fumbi lake ndi loopsa kwambiri, ndiye osayerekeza n'komwe. South Africa inaletsa malondawa mu 2008, koma madenga ake akadali mbwee m'nyumba zakale. Thumba lililonse la m'shopu silithandiza pamenepo. Imeneyo ndi ntchito ya makampani ovomerezeka okhala ndi makina a H.

Kwa ampalamatabwa amene puleni yawo imalavula zopala zambiri, matumba amatha ngati mchere. Mankhwala ake ndi chivindikiro cha cyclone chomwe mumaika pa ndowa kapena mgolo, pakati pa payipi ndi huva. Zolemera zonse zimazungulira n'kugwera mu ndowa, kuthumba kumangofika fumbi losalala lokha. Koma samalani ndi moto: musakoke zothetheka za girayinda kapena phulusa lotentha m'thumba lomwe muli utuchi, chifukwa umatha kunyeka pang'onopang'ono inu mutaweruka kale. Mukafuna kukoka madzi, yambani mwachotsa thumba.

Pogula, onetsetsani pakamwa pa thumba. Matumba osakhala a kampani yomwe inapanga makina alipo abwino, koma ena mphira yake ya pakamwa ndi yolobodoka, moti fumbi limadutsa m'mbali osalowa m'thumba. Ine ndimadula kakatoni ka pakamwa pa thumba lakale n'kupita nako kushopu kukayerekeza, ndipo ndimasankha lokhala ndi kotsekera, kuti pochotsa ndiyambe ndatseka bowo ndisananyamule.