Matalala anagwa, koma ndalama za boma sizinabwere

Okutobala kuno ku Iowa ndi mwezi wa fumbi. Makina okololera chimanga amakhala m'minda mpaka pakati pa usiku, ndipo ndi mwezi womwewu pamene boma la America limayamba kulipira alimi ndalama za ARC ndi PLC, mapologalamu awiri othandiza alimi zopeza zawo kapena mitengo ya mbewu ikatsika. Ine ndimasunga mabuku a ndalama pa kaofesi kakang'ono m'tauni ina ya kumudzi, makasitomala athu ambiri ndi alimi a chimanga ndi soya. Sabata ino foni sinapume.

Lolemba ndisanamwe n'komwe tiyi, analowa bambo wina wachikulire, nsapato zili matope okhaokha. Chaka chatha matalala anasasantha chimanga chawo, koma ku banki sikunalowe ngakhale senti. Mng'ono wawo, amene amalima tsidya lina la msewu, walandira.

Ndinawakhazika pansi n'kutenga pepala. Iwo anasankha ARC ya county (county ndi dera longa boma laling'ono la kwathu), ndipo imeneyi siyang'ana munda wa munthu. Boma limatenga zokolola za county yonse za zaka zisanu, kuchotsa chaka chokolola kwambiri ndi chaka choipitsitsa, n'kupeza pakatikati pa zitatu zotsalazo. Mitengo nayo amaiwerengera chimodzimodzi, ndipo akachulukitsa zokololazo ndi mtengowo amapeza mulingo wa zopeza za county. Malinga ndi lamulo la 2018, ndalama zinkatuluka pokhapokha zopeza za county zikatsika kufika pansi pa 86 peresenti ya mulingo umenewo, ndipo malipiro sankaposa 10 peresenti ya mulingowo. Matalala aja anamenya kachigawo kawo kokha, kwina konse anthu anakolola bwino. Msewu uja ndiwo malire, munda wa mng'ono wawo uli m'county ina kumene mvula inavuta ponseponse.

Anayang'anitsitsa pepalalo kwa kanthawi. "Ndiye kuti kwa iwowo matalala aja sanagwe?"

"Anagwa ndithu bambo, koma amene amayankha za munda wanu ndi a inshuwalansi ya mbewu."

Ananyamuka osatsanzika. Sindinawaimbe mlandu.

Lachiwiri linapita ndi kufananiza makalata a ku banki. Lachitatu kunabwera mayi wamasiye amene amabwereketsa minda yomwe amuna awo anasiya. Ankafuna kudziwa gawo lawo pa ndalama zomwe wobwerekayo walandira. Popeza amalandira lendi yokhazikika ya ndalama, alibepo gawo. Akanakhala kuti amagawana zokolola, bwenzi akugawananso izi. Chinawazunguza mutu kwambiri n'chakuti munda wina munali udzu wa ng'ombe, koma unalandira ndalama za chimanga. Apa ndi nkhani ya base acres, maekala amene analembedwa kalekale potengera zomwe zinkadzalidwa pafamupo. Boma limalipira pa 85 peresenti ya maekala amenewo, osati pa zomwe wadzala chaka chimenecho. Ineyo mpaka lero zimandivuta kufotokoza zimenezi nkhope ili gwa.

Ndikakumbukira kwathu ku Malawi, makuponi a fetereza tinkawadikira mvula isanagwe. Kuno thandizo limafika patatha chaka chathunthu ukolole, chifukwa chaka cha malonda a chimanga chimatha pa 31 Ogasiti, ndipo mtengo wa chaka chonse umadziwika pambuyo pake.

Lachinayi ndinadzigwira ndekha. Mwezi watha ndinauza banja lina ndalama zoti liyembekezere, koma ndinaiwala kuchotsera 5.7 peresenti imene boma limadula pa malipiro amenewa. Kusiyana kwake sikunali kwakukulu, komabe anali ataziika kale pa ngongole ya mbewu. Ndinaimba n'kupepesa. Mayi wa m'nyumbamo anangoti, "Zamveka," foni n'kudula.

Lachisanu madzulo ndinapita ndi mapepala kumunda kwa bambo a Lolemba aja, poti nthawi yokolola mlimi sungamuitanire ku ofesi kawiri. Anaimitsa makina, ine n'kukwera makwerero, iwo n'kusainira pabondo. Kenako anandifunsa ngati chaka chamawa asinthe n'kutenga PLC, imene imayang'ana mtengo wokha. Ndinawauza kuti tidzakhale pansi mu Januwale, akamaliza kukolola ndi kuumitsa chimanga. Anagwedeza mutu, n'kulizanso injini ndisanatsike bwinobwino.