Duku, hijabu ndi nduwira pa ntchito ya ambulansi: vuto limakhala pati kwenikweni

Lamulo la yunifomu longoti "kumutu osavala china chilichonse kupatula chipewa cha pantchito" ndi lamulo laulesi. Silitchula ngozi imene likupewa, ndiye akangolembedwa ntchito mayi wachisilamu wa hijabu, bambo wa chipembedzo cha Sikh wa nduwira, Myuda wa kachipewa ka kippah kapena mayi wa mpingo amene duku silimuchoka kumutu, anthu amayamba kukangana za chipembedzo pamene nkhani yake ndi ya nsalu ndi kasokedwe. Ngozi zilipodi, koma n'zowerengeka, ndipo zambiri amathana nazo ndi telala.

Imene imabwera kawirikawiri ndi kukokedwa. Munthu amene shuga wamutsikira, amene akutsitsimuka ku khunyu, woledzera kapena wovulala m'mutu amagwira chimene chamuyandikira, ndipo poti wa ambulansi amakhala atamuweramira, chapafupi ndi khosi. Nsalu yozunguliza kawiri pakhosi n'kumanga mfundo imasanduka chingwe chopotolera. Nsonga yolendewera nayo imakola m'zitsulo za machira, pachitseko, ngakhale pagalasi losweka la galimoto yochita ngozi. Chovala cha pantchito chikhale chosokeratu, cha nsalu yotamuka, chothera pakolala, ndipo chotsalacho chilowe m'kati mwa malaya. Kumbuyo kwake kukhale kotseka ndi mabatani apulasitiki ongodina kapena Velcro, timalamba tomatirirana tija, kuti wina akachikoka mwamphamvu chimasuke chokha. Kuyesa kwake n'kosavuta: mnzanu achikoke ndi dzanja limodzi kuchokera kumbuyo. Chikakana kumasuka, chibwerere kwa telala.

Mapini ayi. Amagwera pa wodwala, amaboola magolovesi, ndipo saloledwa m'chipinda cha MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito amphamvu. Ena anathawira ku timaginito tomangira nsalu pansi pa chibwano, koma bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, limalangiza kuti maginito amphamvu azitalikirana ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, pacemaker, ndi masentimita osachepera 15. Mukawerama kuti mumve ngati munthu akupuma, chibwano chanu chimafika pafupi kuposa apo. Ngoziyo ndi yaing'ono, koma palibe chifukwa choitengera pamene batani lapulasitiki likugwira ntchito yomweyo.

Pa ukhondo, chovala cha kumutu chiwerengedwe ngati malaya. Chisinthidwe tsiku lililonse la ntchito komanso nthawi yomweyo chikadonthedwa magazi kapena masanzi, kotero china chikhale m'thumba lotseka m'ambulansi momwemo. Malangizo a NHS, bungwe la zipatala za boma ku England, amati kuchapa kwa mphindi 10 m'madzi otentha madigiri 60 kumachotsa pafupifupi tizilombo tonse. Apa ndi pamene silika ndi nsalu zopyapyala zokongoletsa zimalepherera: sizipirira kutentha kotere, ndiye mwini wake amazichapa ndi madzi ozizira kuti zisaonongeke. Povula choipitsidwa, yambani mwavula magolovesi n'kusamba m'manja, masulani kumbuyo, pindirani kunja kwake m'kati, osachidutsitsa pankhope. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chofunira potsegulira pa kumbuyo. Nduwira ndi nkhani ina, chifukwa nsalu yake imatha kufika mamita 5 kapena kuposa ndipo simungaimangenso muli pamsewu. Pa ntchito ya magazi ambiri ivindikirireni ndi chipewa chachikulu chovala kamodzi n'kutaya. Chipatala cha Royal Derby ku England chinayamba mu 2019 kupereka mahijabu otere, ovala kamodzi, kwa ogwira ntchito m'fiyeta.

Ovala hijabu ambiri amafunanso malaya a manja aatali, pomwe lamulo la m'zipatala zambiri limati kuchokera pachigongono kutsika pakhale popanda nsalu kuti kusamba kutheke bwino. Yankho lake ndi manja ovala kamodzi: kuvala pa wodwala mmodzi, kuvula, kusamba.

Makutu amaiwalika. Stethoscope, chipangizo chomvetsera mtima ndi chifuwa, ikaikidwa m'makutu pamwamba pa nsalu siimveka, makamaka injini ikulira. Wovalayo amakakamizika kupisa zala za magolovesi oipitsidwa pansi pa nsalu m'mbali mwa tsaya, kangapo pa wodwala mmodzi. Telala asiye timipata tiwiri topindirana pamakutu, vuto latha. Mabatani awiri osokerera chakumbuyo kwa makutuwo amakolekapo zingwe za masiki wamba.

Tsopano pa masiki othina, a N95, FFP2 kapena FFP3, amene amavalidwa pa wodwala TB, chikuku kapena polowetsa chubu chopumira. Masikiwa amateteza pokhapokha m'mphepete mwake monse mwakhudza khungu. Hijabu imadutsa pamasaya ndi pansi pa chibwano, pomwe pamayenera kukhala mphepete mwa masiki, ndiye kansalu kakapanikizika pamenepo mpweya umalowera m'mbali osasefedwa, wovalayo osadziwa. Kankhirani nsalu kumbuyo, khazikani masiki pakhungu, kenako bwezerani nsaluyo pamwamba. Lamba wapamwamba akhale pamwamba pa nkhongo, wapansi pakhosi kunsi kwa makutu. Pa nsalu yoterera malamba amatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo tsitsi lomangidwa mpukutu pamwamba limawasuntha, limangidwe m'munsi. Poyesa masiki, pamene amakuvekani chimphuno chachikulu kumutu n'kupoperamo mankhwala otsekemera kapena owawa kuti aone ngati mukuwalawa, muvale ndendende mmene mudzavalire pantchito. Kuyezedwa kumutu kulibe kanthu n'kukagwira ntchito mutavala nsalu ndi kudzinamiza.

Chovuta chenicheni si nsalu, ndi ndevu. A Sikh, Asilamu ambiri ndi Ayuda ena sameta, ndipo ndevu, ngakhale zongophuka za masiku awiri, zimatsegula mpata pakati pa masiki ndi khungu. Malamulo a OSHA, bungwe loona za chitetezo cha pantchito ku America, amaletseratu masiki othina ngati tsitsi lili pamene masiki akhudza nkhope. Njira yodalirika ndi PAPR, chovala chophimba mutu wonse chimene kamakina ka batire kamapoperamo mpweya wosefedwa. Sichidalira kuthina pankhope, ndipo chachikulu chake chimakwana pamwamba pa nduwira. Kuipa kwake: n'chodula, batire lifunika kutchaja ndi kuliyang'ana poyamba ntchito, phokoso lake limasokoneza kumvetsera chifuwa, ndipo chimagunda denga la ambulansi. Njira ina, yotchedwa Singh Thattha, inayambira ku Manchester mu 2020: lamba wotambalala wa mphira amaphimba ndevu kuchokera pachibwano ndi masaya n'kumangidwa pamwamba pa mutu, masiki n'kukhala pa mphirayo. Ambiri amapambana nayo poyezedwa, koma munthu aliyense ayezedwe payekha ndi masiki a mtundu umene adzavale, ndipo si mabungwe onse oona za chitetezo amene amaivomereza.

Chisoti cholimba ndi malo ena pamene telala sangathandize kwambiri. Hijabu yopyapyala ndi kippah zimalowa pansi pa chisoti popanda vuto, bola lamba wa pachibwano amangike ndipo chisoti chisagwedere mukapukusa mutu. Nduwira yathunthu siilowa. A Sikh ena amavomera kuvala patka, kansalu kakang'ono kophimba tsitsi, pa nthawi yokhayo. Ena savomera, ndipo ndi bwino kufunsa munthuyo asanayambe ntchito kusiyana n'kukakambirana pamalo a ngozi. Ku Britain lamulo la 1989 linamasula a Sikh ovala nduwira ku zisoti pamalo omanga, ndipo la 2015 linafikitsa ufuluwo ku malo onse antchito, koma linapatula othamangira ku moto, zipolowe ndi ngozi zina pa nthawi imene chisoti chili chofunikadi. Mzere umenewo anaujambula bwino: m'nyumba ya wodwala chisoti sichifunika, m'galimoto imene akuidula ndi makina n'chofunika.

Pa moto, samalani ndi poliyesitala ndi nayiloni. Zimasungunuka n'kumatirira pakhungu, pomwe thonje limapsa osasungunuka. Nsalu imene yamwa okosijeni wotuluka m'masiki a wodwala imayaka msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Ogwira ntchito mu helikopita ndi opulumutsa anthu pamoto avale za nsalu yosagwira moto monga Nomex, yofanana ndi ya ovolosi yawo.

Zonsezi zimayenda pokhapokha bungwe litagula lokha zovalazi, za mtundu wa yunifomu, masaizi angapo, n'kupatsa munthu chiwerengero chofanana ndi cha malaya ake kuonjezerapo chimodzi cha m'galimoto. Mukasiyira aliyense kudzipezera, mapini ndi silika zimabwereranso. Pa siteshoni pakhalenso kachipinda kotseka, kokhala ndi galasi ndi posambira m'manja, chifukwa munthu amene alibe posinthira pobisika amapirira ndi nsalu ya magazi mpaka nthawi yoweruka.