Mpamba wa usipa ndi foni ya kumudzi

Foni yanga ikalira mmamawa 6 koloko isanakwane, ndikaona kuti ndi nambala ya kumudzi, mtima umayamba wagunda kaye ndisanayankhe. Osati kuti ndimadana nawo abale anga ayi, koma nthawi imeneyo palibe amene amaononga mayunitsi ake kuti angondifunsa ngati ndadzuka bwino. Akapanda kukhala maliro ndi matenda, akapanda kukhala matenda nde kuti mwana wa mng'ono wanga wabwezedwa ku sukulu. Ndine wachisamba pa ana 6, bambo anatisiya kalekale, ndipo amayi ndikangoyamba kudandaula amangoti "mutu ukakula sulewa nkhonya mwanawe", nkhani yathera pompo.

Ndimakhala pa boma pompano pa Mangochi cha ku Mpondasi uku, ndi bambo a kunyumba amene amapanga kabaza wa njinga yamoto, ndi ana athu awiri. Kwathu kwenikweni ndi kutsidya, mukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi nkukhotera msewu wa ku Malindi. Ndi pafupi, ndipo vuto lake ndi lomwelo, munthu akaona kuti sukuyankha foni umangomva odi pakhomo.

Maloto anga sanali a galimoto kapena shopu ya magalasi ayi. Geni ya usipa basi. Kukapikula ku doko ku Makawa, kuuyanika, kulongedza mmatumba nkukwera nawo wa ku Limbe. Ine ndinakulira pa thandala, usipa wouma bwino ndimaudziwa pongoufinya mmanja nkumva mmene ukulirira, wofutsa ndi wongoyanika ndimausiyanitsa ndili patali. Chimene ndinalibe ndi mpamba. Kapena ndinene zoona, mpamba ndinaupeza katatu konse, ndipo katatu konsenso unapita ndisanagule olo chigoba chimodzi, kachidebe koyezera usipa kaja.

Woyamba unali wa December 2022 titagawana ku banki mkhonde, K180,000 yanga yanga, ya masheya amene ndimaponya Lachinayi lililonse kuchokera mu beseni la mandasi. Ndinati ndidikire kaye mvula ichepe poti usipa wa dzinja umavuta kuyanika, ndipo kudikirako nkumene kunandipweteka. January 2023 kolera anali atavuta koopsa kuno, amayi nawo anawagwira. Mankhwala sitinalipire, koma amene anadwazikapo akudziwa mmene ndalama imathera, apa transipoti, apa makala, shuga, sopo, ndowa zatsopano, kenako obwera kudzazonda amenenso akamatsanzika amakuyang'ana kuti uwapatse ya kabaza. Amayi anachira, Mulungu alemekezeke, koma mu chitenje munatsala K30,000 ndipo tinangoigula chimanga.

Wachiwiri nde umandiwawabe mpaka lero. Mlongo wanga wamng'ono anafuna kupita ku Joni. Kuno kwathu mnyamata akamafika zaka 20 asanaponde ku Joni anzake amamuona ngati wotsalira, nanga si nyumba zambiri za malata mukuziona ku Namwera ndi ku Makanjira zinamangidwa ndi marandi. Anabwera ndi amayi, kukhala pa mkeka mwaulemu wake, "achemwali mungondibwereka ya transipota, ndikangofika mwezi umodzi sutha ndibweza kawiri". Amayi ali chete kuyang'ana pansi, kukhala chete kwa amayi kuja kumene kumaposa kukalipa. Ndalamayo inali ngongole ya ku banki mkhonde komweko, ya chiwongola dzanja 20 pa 100 mwezi ndi mwezi, ndinaitengera geni. Ndinampatsa. Pano ali ku Cape Town, pa Facebook amaoneka ndi nsapato zoyera mbee, watumizapo kangachepe kawiri kwa amayi, kwa ine ndi "ndikukumbukira achemwali, zinthu zavuta kuno". Ngongole ndinabweza ndekha ndi mandasi, ndipo November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ndinangoseka ndekha, olo atabweza lero ndalama imeneyo ingagule chani.

Wachitatu unapita pa maliro a malume. Umenewo sindiuwerengera kuti unadyedwa, ndifotokoza kutsogoloku.

Chimene chimandiseketsa nchoti ndalama zonsezi zambiri zimachoka kudzera pa Mpamba wa TNM. Mpamba kutuluka pa Mpamba, foni nkukuuza kuti zatheka bwinobwino.

Amene anandisukusula ndi mayi ena a ku Ndirande amene akhala akupikula nsomba ku Makawa ine ndisanathe msinkhu. Tinakumana ndikungoyendayenda pa doko ngati wofuna kugula chonsecho ndilibe kanthu, ndinawafotokozera zonse, iwo akusankha usipa osandiyang'ana nkomwe. Pomaliza anangoti "asisi, ndalama ya geni sigona mnyumba, sigonanso mu foni, imagona mu thumba la usipa. Mukailandira lero mawa ikhale yasanduka nsomba." Anati abale sasiyanitsa mpamba ndi ndalama, kwa iwo ukakhala ndi K200,000 nde kuti uli ndi K200,000 basi, zoti imeneyo ndi khasu lako lolimira sizimveka. Ndipo sikuti ndi oipa mtima, munthu mwana wake watentha thupi usiku ungamuuze bwanji kuti ndalama ilipo koma ndi ya bizinesi.

Nde tsiku logawana lotsatira ndinachita zomwezo. Tinagawana madzulo, sindinauze munthu kupatula bambo a kunyumba, 4 koloko mmamawa anandikweza pa njinga mpaka ku Makawa, dzuwa likutuluka mabwato a chilimira akukocheza ndalama yonse inali itasanduka zigoba. Mmene amayi amamva kuti banki yagawidwa ine ndili pa thandala kutembenuza usipa, manja ali mamba okhaokha. Ataimba ndinawauza mosanama kuti ndilibe ndalama. Kanali koyamba kunena mawu amenewo mtima uli mmalo.

Koma musaganize kuti abale anagonja. Ndalama ikasanduka usipa amapempha usipawo. "Timve nawo ka ndiwo achemwali." Uyu kambale, uyu kajumbo, apongozi nawo awo, ulendo woyamba ndinapeza kuti pafupifupi zigoba 3 zapita mwa timve nawo. Pano ndimapatula chigoba chimodzi pa ulendo, ndimachitcha chigoba cha abale, chikatha chatha, wobwera mochedwa adikire ulendo wina. Amayi ndinawaikira yawo ya pa mwezi, tsiku lake lodziwika, kaya geni yayenda kaya yagwa. Ndi yochepa koma akudziwa kuti ibwera, ndipo chiyambireni kuimba kwa mmamawa kunachepako ndithu.

Ndalama ndi mbali imodzi chabe. Chimene palibe anandichenjeza ndi nthawi, ndi pakamwa pa anthu. Geni ya usipa si ya pakhonde ngati mandasi, umachoka ana ali mtulo, nsomba zikavuta umagona komweko masiku awiri atatu kudikira mabwato, ukauma ukwere minibasi kudutsa Liwonde, Zomba mpaka Limbe, kondakitala akulipiritse thumba lililonse ngati munthu, ugulitse, ugone pa msika kapena kwa wachibale, ubwerere. Ndipo ku doko kuli mbiri yake, tisabisane, aliyense kuno amadziwa kuti nsomba zikasowa pali azimayi ena amene amagona ndi alovi, asodzi a mmabwato aja, kuti awasungire zigoba. Apongozi sananene mwachindunji, anangouza mwana wawo ine ndikumva kuti "mkazi wa ku doko amakhala wa tonse". Bambo a kunyumba sabata imeneyo sanandiyankhule bwino. Tinakhala pansi usiku wina ana atagona, ndinawaonetsa kope langa lonse, zogula, zogulitsa, ya tiketi ya msika, ya matumba, ndipo tinagwirizana kuti ku doko azikandisiya okha ndi kukanditenga okha. Amataya makasitomala a mmamawa, mafuta ndimathira ine. Ena amati ndi nsanje imeneyo, mwina ndi zoona, koma pano ndi iwo amene amandiimbira kuti ku Malembo akuti kwagwa usipa wambiri tiye.

Za ana nde zimandilasa. Mtsikana wanga ali Standard 8, chaka cha mayeso, ndipo masiku amene ndili ku Limbe ndi iye amene amadzuka kuphika phala, kumusambitsa mlongo wake, kutsuka mbale, kenako athamange ku sukulu. Aphunzitsi ake anandiitanitsa kuti mwanayu akusinza mkalasi. Ndinachita manyazi zedi, pobwerera ndinkangoganiza kuti nanenso ndayamba kumusenzetsa wachisamba wanga katundu yemwe uja amayi anandisenzetsa ine. Ndinapempha mwana wa azakhali kuti azigona kwathu masiku amenewo, ndimamlipira kangachepe, phindu linachepa koma mwana anasiya kusinza.

Amene amandithandiza kwambiri pa nkhani ya banja ndi mwezi wa kumwambawu, musaseke. Usipa amaupha usiku ndi nyali, umatsata kuwala, nde mwezi ukawala kwambiri nyali zija sizikoka kanthu, mabwato ambiri sapita, mtengo umakwera, ife opikula timakhala pansi. Masiku amenewo ndi a ana anga. Ndimachapa, ndimaona makope, ndimaoloka kukaona amayi, ndimaphika nsima yoti bambo adye yotentha. Chimodzimodzi mwera ukaomba mu June ndi July nyanja ikakalipa. Kalendala ya pakhoma ija ya ku tchalitchi ndinasiya kuiyang'ana, ana okha pano amatuluka panja madzulo nkubwera kudzandiuza kuti amama mwezi wakula, sabata ino muli pakhomo.

Kugwa nakonso ndagwako. Ulendo wina mvula inagwa masiku atatu osalekeza usipa uli pa thandala, unanunkha, ndinagulitsa motchipa kwa a zakudya za nkhuku. 2024 nyanja itakwera madzi kufika mpaka mmalo ogona alendo ndi mnyumba za anthu, malo amene timayanikira ena anamira, timachita kulimbirana mathandala otsala. Nthawi ngati zimenezo kumudzi sadziwa, amangoona kuti achemwali akupita ku Limbe, nde kuti zikuyenda.

Tsopano za malume. Tsiku loyamba kukana poyera linali pamene mng'ono wanga anafuna K40,000 ya nsalu ya yunifolomu ya ukwati wa mnzake ndi ya perekani perekani. Ndalama ndinali nayo, ndinali nditangotsika kumene kuchokera ku Limbe, ndinati ayi. Pa gulu lathu la WhatsApp la banja panazizira masiku anayi, kenako amayi anaimba, mawu awo ofatsa aja, "mwanawe, malume ako akanakhala owerengera chonchi iwe ukanafika Form 4?" Ndinasowa choyankha. Malume anali ndi bwato ndi khoka lawo, anali munthu wodziwika pa gombe, mwini mbumba weniweni. Bambo atamwalira ndi iwo anatitenga, ndipo nditasankhidwa kupita ku sekondale anagulitsa khoka lija kuti andilipirire fizi, amati adzagula lina. Sanagulenso. Anakalamba akukwera mabwato a anzawo ngati mlovi wamba, munthu amene kale amalemba anthu ntchito. Nchifukwa chake atamwalira mpamba wachitatu uja ndinaupereka wonse osawerenga, ndipo nditati ndibwerere ndikhoza kuperekanso.

Nde mukamandiuza kuti abale ndi amene amagwetsa bizinesi ndimavomera, koma ndimavomera ndikudziwa kuti ine amene ndikulemba pano, Chichewa ndi masamu a mu kope langa lija, ndine bizinesi ya munthu wina imene inagwa. Usiku umenewo sindinagone. Koma ndinaganizanso kuti malume atagulitsa khoka anathandiza ine ndekha, ang'ono anga anayi otsatira palibe anapitirira Standard 8 chifukwa panalibenso chogulitsa. Khoka likanakhalapo mwina tonse tikanaphunzirako pang'onopang'ono. Mwina. Izi amayi sindinawauze, si nkhani youza kholo pa foni, ndipo nsalu ya ukwati si fizi. K40,000 ija sindinatumize.

Sabata yatha ndili pa msika ku Limbe, ndalama ndamangirira mchiuno mkati mwa chitenje, foni inalira, mng'ono wanga yemwe uja. Ulendo uno inali ya sukulu ya mwana wake, yunifolomu ndi nsapato ndi zina zimene akufuna. Ndinamuuza kuti theka ndikagula ndekha kumapeto a mwezi, ndalama mmanja ayi, theka linalo abwere Loweruka ku Makawa adzandithandize kutembenuza ndi kulongedza ndimlipire ngati mmene ndimalipirira aganyu. Anadula foni osatsanzika.

Loweruka anabwera, 9 koloko dzuwa litakwera kale, atavala nsapato za gogoda pa mchenga. Sitinakambe za foni ija. Anatembenuza mathandala awiri akudandaula fungo, masana tinadya chinangwa chootcha ndi usipa womwewo, ndipo pochoka anandifunsa kuti kodi chigoba mukugula bwanji pano, nanga ku Limbe chimatuluka zingati. Ndinamuuza mtengo wa pa doko wokha.