Chingerezi cha m'buku ndi cha pachipata

Ife a kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, tili ndi mwayi umodzi pophunzira Chingerezi: Chipwitikizi chinatilambulira kale njira. Mawu aatali a m'mabuku, monga information, necessary kapena important, timawamva tisanatsegule n'komwe dikishonale, chifukwa gwero lawo ndi Chilatini, komwenso kunachokera Chipwitikizi. Nkhani ya m'nyuzipepala ndimatha kuitsata mpaka kumapeto.

Koma kaimeni pachipata cha Calómuè, polowera ku Dedza, mumvetsere madalaivala a mathiraki akamacheza podikira mapepala. Mawu aatali aja simuwamva. Ndi timawu tatifupi tokhatokha, get, put, give, pick, kenako kanchira kumapeto: up, off, out. Kanchirako ndi kamene kamatembenuza zonse. Give ndi kupatsa, koma give up ndi kutaya mtima n'kusiya. Put off ndi kukankhira ntchito ku tsiku lina. Pick up ndi kutola chinthu pansi, komanso kukweza munthu amene waimika galimoto panjira. Apa Chipwitikizi chilibe thandizo, ndipo pena chimasocheretsa kumene: push amamveka ngati puxar, kukoka, pomwe tanthauzo lake ndi kukankha.

Chinanso, Chingerezi cha pamsewu si chimodzi. Chigawo chathu cha Tete chachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo Mozambique inalowa mu Commonwealth, bungwe la mayiko amene ambiri mwa iwo amalankhula Chingerezi, mu 1995, koma aliyense amabwera ndi kalankhulidwe ka kwawo. Ochokera ku Johannesburg, olowera pachipata cha Cuchamano, m'malire ndi Zimbabwe, n'kuwoloka Zambezi, akati sharp sharp ndiye kuti zonse zili bwino. Akakuuzani kuti abwera just now, musaime padzuwa, kakhaleni pamthunzi, mwina afika madzulo. Now now ndiye wayandikirako. Za pa Facebook ndi TikTok, zambiri ndi za achinyamata a ku America, ndipo zimatha msanga. Ine sinditaya nazo nthawi kwenikweni.

M'kope langa tsopano, pambali pa mawu alionse ndimalembanso amene anawanena ndi amene ankauzidwa. What's up bro ndinalemba kuti ndi ya anyamata osintha makwacha ndi mametikali pachipata. Tsiku lokafunsira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize, bwana ndidzamupatsa moni wa m'buku uja, good morning sir, ngakhale iyeyo atayamba ndi hi.