Lipoti la ulendo wa gulu ku Edinburgh

Abale ndi alongo, komiti inatipempha ife amene tinapita ku Edinburgh kuti tilembe zimene gulu lotsatira liyenera kudziwa lisanayambe kusonkha. Tinalipo 14, akuluakulu 10 ndi ana 4. Tinanyamuka ku Manchester Lachisanu n'kubwerera Lolemba, kumayambiriro kwa Juni. Mzindawu sudya ndalama pa zokaona, chifukwa malo ambiri abwino ngolowa ulere. Ndalama zimathera pogona, pa matikiti ogula mochedwa, ndi pa chakudya cha m'mbali mwa Royal Mile, msewu waukulu umene alendo amadzazana. Ndipo kuchuluka kwa anthu pakokha sikutchipitsa ulendo. Kumatchipitsa ngati mwadziwa kuligawa gululo.

Mwezi wa Ogasiti musauyerekeze n'komwe. Ndi nthawi ya Fringe ndi International Festival, zikondwerero zimene zinayamba mu 1947, ndipo chipinda chomwecho chimakwera mtengo kawiri kapena kuposa apo. Kumapeto kwa Disembala nakonso n'chimodzimodzi chifukwa cha Hogmanay, chikondwerero cha Chaka Chatsopano. Meyi, Juni ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pamene mu Disembala kumada 4 koloko isanakwane, ndiye tsiku limene mwalipirira pogona limakhala lotheka kale.

Sitima yochokera ku Manchester imatenga maola atatu ndi mphindi zingapo kukafika pa Waverley, pakati penipeni pa mzinda. Matikiti otchipa, a Advance, amayamba kugulitsidwa kutatsala milungu pafupifupi 12, ndipo pa mtengo wotsikitsitsa amakhalapo owerengeka. Apa m'pamene magulu amaluzira. Mukafunsa mipando isanu ndi inayi nthawi imodzi, pamene yotchipa yatsala inayi, kompyuta imakupatsani yonse pa mtengo wapamwamba. Gulani anayianayi. Family & Friends Railcard, khadi yotsitsira mtengo wa tikiti ya sitima, imodzi imakwana akuluakulu 4 ndi ana 4: akulu amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu, ana 60 peresenti, bola pakhale mwana mmodzi wa zaka 5 mpaka 15. Ife tinatenga makhadi awiri, ana awiri uku awiri uku, ndipo akuluakulu 8 anakwanira. Awiri otsalawo anagwiritsa ntchito Two Together Railcard, imene pakati pa sabata siigwira ntchito 9:30 m'mawa isanakwane, n'chifukwa chake sitinatenge sitima ya m'mamawa. Mwini khadi ayenera kukhala m'sitimamo, ndipo ngati khadiyo ili mu foni, foniyo ikhale ndi moto. Tikiti ya Advance ndi ya sitima imodzi yokhayo imene yalembedwapo. Wochedwa agula ina ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo izi zinenedwe pamsonkhano, zisakayambire pa siteshoni.

Amene akufuna kuyendetsa galimoto adziwe kuti pakati pa mzinda pali Low Emission Zone, ndipo chindapusa chinayamba pa 1 Juni 2024. Galimoto ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 kapena ya petulo yosafika pa Euro 4 ikalowamo, kalata ya mapaundi 60 imakupezani kunyumba. Palibe zoti mulipiriretu kuti mulowe. Kuli bwino kuisiya pa Park and Ride ya Ingliston n'kukwera tramu.

Pogona tinachita lendi mafulati awiri okhala ndi khitchini ku Leith. Newington, Dalry ndi Gorgie nakonso mitengo yake ndi yofikirika, ndipo mabasi amadutsa pafupipafupi. M'nyengo ya tchuthi chachikulu, mayunivesite amabwereketsanso zipinda za ophunzira. Musanalipire, funsani zinthu zitatu. Choyamba, fulatiyo ili pansanjika yachingati ndipo chikepe chilipo? Nyumba zambiri zakale za ku Edinburgh zili ndi masitepe a miyala okhaokha, ndipo kukweza agogo ndi masutikesi mpaka pansanjika yachitatu si masewera. Chachiwiri, makiyi mulandira nthawi yanji? Nthawi zambiri ndi 3 kapena 4 koloko madzulo, ndipo kusungitsa katundu pa siteshoni amalipiritsa chikwama chilichonse pachokha, ndiye pemphani eni nyumba akuloleni kusiya katundu msanga. Chachitatu, nambala ya laisensi, chifukwa ku Scotland nyumba zobwereketsa alendo zimayenera kukhala nayo. Asungichuma awerengerenso msonkho wa alendo wa 5 peresenti pa mtengo wa pogona, umene khonsolo inakhazikitsa kuti uyambe pa 24 Julayi 2026, wa masiku asanu oyambirira.

Tsopano nkhani ya nsima. Khitchini ndi imene imapulumutsa thumba, koma makhitchini amenewa sanapangidwire ife. Mapoto ake ndi aang'ono, ophikira anthu atatu, ndipo mthiko mulibe, muli kasupuni kamatabwa kamene kamathyoka nsima ikangoyamba kulimba. Nyamulani mthiko, chipande ndi poto wamkulu. Koma funsani kaye mtundu wa chitofu: ngati ndi cha induction, poto wa aluminiyamu satentha n'komwe, madzi amangokhala zii. Poto woyenera ndi amene maginito amakakamira kunsi kwake. Anthu 14 amatha ufa wokwana makilogalamu awiri ndi theka pa mgonero umodzi, ndiye makilogalamu 8 amakwana mausiku atatu. Ufa umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa ndi Asia cha ku Leith Walk, koma kugawana mapaketi a makilogalamu awiriawiri m'zikwama kumachotsa ntchito yosakasaka tsiku lofika. Nkhuku, mazira, kabichi, tomato ndi buledi tinkagula ku Lidl. Pokazinga usipa tsegulani zenera ndi kuyatsa fani ya pamwamba pa chitofu, apo ayi alamu ya utsi idzutsa nyumba yonse, ndipo fungo likatsalira m'makatani eni nyumba angathe kudula dipoziti.

Masana sitinkabwerera kukaphika. Aliyense ankanyamula botolo la madzi, popeza madzi a pampopi kumeneko ngabwino, ndipo malo odyera amene amagulitsa mowa amayenera kukupatsani madzi a pampopi ulere mukapempha. Nenani kuti tap water, mukangoti madzi akubweretserani a m'botolo. Meal deal ya m'masupamaketi, sangweji ndi chakumwa ndi kachakudya kena, ndiyo njira yotchipitsitsa. Ofuna chakudya chotentha apite ku Mosque Kitchen pa Nicolson Square: mpunga ndi kare, mbale yodzaza, nyama ya halal, ndipo gulu limakwana osasungitsa malo. Chapafupi pomwepo pa Nicolson Street pali Surgeons' Hall, likulu la koleji ya madokotala a opaleshoni. Kamuzu Banda anapezera mumzinda uno ziyeneretso zake za udokotala wa ku Britain mu 1941, ndipo akuluakulu a m'gulu anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene pulogalamu inanenera.

Haggis ilaweni, musaiope. Ndi zam'kati za nkhosa, mtima, chiwindi ndi mapapo, zogaya pamodzi ndi oats, anyezi ndi tsabola. Amene amadya nthumbwana sangaione yachilendo. Imabwera ndi mbatatesi yopota ndi mpiru wa mizu woponda, zimene iwo amati neeps and tatties. Mbale imodzi ya anthu awiri ndi yokwana kulawa. Black pudding ya pa chakudya cham'mawa imapangidwa ndi magazi, kawirikawiri a nkhumba, choncho abale achisilamu ndi a Seventh Day afunse asanaitanitse. Pogula nsomba ndi tchipisi adzakufunsani ngati mukufuna salt and sauce, msuzi wabulauni wowawasa umene anthu a ku Edinburgh amaunyadira. Ngati mwaganiza zodyera limodzi mu lesitilanti kamodzi, pitani masana kapena chakumadzulo kusanade, pamene ambiri amakhala ndi mndandanda wa zakudya wotsika mtengo, ndipo muyang'ane pa bilu: magulu akuluakulu nthawi zambiri amawaikiratu service charge, ndiye musawonjezerenso tipi pamwamba.

Mabasi a Lothian sabweza chenje. Njira yabwino ndi kugunditsa khadi ya ku banki pokwera, ndipo ndalama za tsikulo zikafika pa malire ake simudulidwanso. Koma malirewo amawerengera khadi imodzi munthu mmodzi, ndipo ikhale yomweyo tsiku lonse. Mukagunditsa khadi m'mawa, foni masana, makina amaona ngati ndinu anthu awiri. Pa tramu lipirani musanakwere, pa makina a pamalo okwerera, chifukwa tikiti ya m'kati ndi ya chilango. Zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu ochokera ku England: chiphaso cha basi yaulere cha okalamba cha ku England sichigwira ntchito ku Scotland, ndipo basi yaulere ya achinyamata osafika zaka 22 ndi ya okhala ku Scotland okha. Agogo ndi ana awerengeredwe m'bajeti.

Zokaona zaulere n'zokwana masiku awiri osapuma. Potuluka pa Waverley, mu Princes Street Gardens pafupi ndi Scott Monument, pali chiboliboli cha David Livingstone. Khalani m'mundamo nthawi ya 1 koloko masana: mzinga wa pa Edinburgh Castle umaombedwa tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, mwambo umene unayamba mu 1861 kuti oyendetsa zombo azikonzera mawotchi awo. Uzani ana ndi odwala mtima zisanachitike. National Museum of Scotland pa Chambers Street ipatseni maola atatu. Muli nkhosa yotchuka ija Dolly, imene asayansi anaipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina, yobadwa mu 1996, ndipo padenga pali khonde loonera mzinda wonse osalipira kanthu. Scottish National Gallery, nyumba ya malamulo ku Holyrood ndi munda wa Royal Botanic Garden nakonso ngolowa ulere. Pa malo amenewa, Castle yokha ndi imene imadula, ndipo matikiti amatha, choncho ofuna kulowa agule pa intaneti pasadakhale. Ife tinasiya kuti aliyense asankhe yekha, sitinaiike pa thumba la gulu.

Arthur's Seat ndi phiri la mamita 251. Kwa munthu wodziwa Mulanje kapena Zomba ndi chulu chabe, koma musalipeputse. Pamwamba pali miyala yoterera ndi mphepo yokankha munthu, ndipo nsapato za kutchalitchi sizikwera. Kupita ndi kubwera ndi maola awiri. Ofooka miyendo apite pa Calton Hill, mphindi khumi zokha, ndipo mzinda umaoneka bwino lomwe. Ambulera siyani, mphepo imaitembenuza. Tengani jekete la mvula lokhala ndi chipewa ngakhale mu Juni, popeza chifunga cha kunyanja chimene amati haar chimatha kuphimba mzinda dzuwa likuwala.

Tsiku limodzi lathunthu lipite ku Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa Livingstone, kumene dzina la Blantyre wathu linachokera pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikika kwathuko mu 1876. Sitima yochokera pa Waverley imafika pa Glasgow Queen Street m'mphindi pafupifupi 50. Kuchoka apo muyende wapansi kupita ku Glasgow Central, mutsikire ku mapulatifomu apansi, osati apamwamba pamene pali chikhamu cha anthu, ndipo sitima ya ku Blantyre imatenga mphindi pafupifupi 20. ScotRail ili ndi Kids for a Quid, ana mpaka 4 pa paundi imodzi aliyense akamayenda ndi wamkulu. David Livingstone Birthplace ili m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, m'nyumba ya Shuttle Row mmene anabadwira pa 19 Marichi 1813. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi, ndipo iye anayamba ntchito mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Malowa anawakonzanso n'kuwatsegula mu 2021, ndipo tsopano akufotokozanso za Susi ndi Chuma, amene ananyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873 mpaka ku gombe la Bagamoyo. Pakhomo pamalipiridwa, ndipo masiku otsegula amasintha ndi nyengo, ndiye imbani foni, munene kuti ndinu gulu ndipo mufunse mtengo wa gulu. Kamba nyamulani, pabwalo pake pali malo okwana kudyerapo.

Ngati mukuitana achibale ochokera kumudzi, viza yake ndi ya UK yomweyo, ya Schengen siigwira. Ndipo asungichuma asanakwere sitima yobwerera, aone ndalama zapepala zimene zatsala. Mabanki atatu a ku Scotland amasindikiza ndalama zawozawo, ndipo ngakhale ndi mapaundi omwewo, mashopu ena ku England amazikana. Zigwiritseni ntchito komweko, kapena mukaziike ku banki.