Masiku asanu m'holo ndi malekichala pa nkhani ya AI

Lolemba ndinalawirira kuholo, chifunga chisanachoke paphiri la Zomba, kuti ndiyese pulojekita ndi netiweki anthu asanafike. Ntchito yanga pakoleji pathu ndi kuthandiza aphunzitsi kugwiritsa ntchito zipangizo zamakono pophunzitsa. Sabata imeneyi ndinkaphunzitsa malekichala a m'madipatimenti osiyanasiyana za AI, mapulogalamu a pakompyuta amene amatsanzira nzeru za munthu, ndipo ena mwa iwo ndi omwe anandiphunzitsa ineyo ndili m'chaka choyamba.

Malonje asanathe n'komwe, mayi wina wachikulire wophunzitsa Chingerezi anakweza dzanja. "Achimwene, tisatayirane nthawi. Ife tadzera chinthu chimodzi. Tipatseni pulogalamu yogwirira ana amene akulembetsa asayimenti ku ChatGPT." Ambiri anagwedeza mitu movomereza. Sindinadabwe nazo. Chitulukireni ChatGPT, pulogalamu ya AI imene imayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, mu Novembala 2022, mphunzitsi aliyense wakhala akuchonga mapepala mtima uli m'mwamba.

Ndinawauza zoona zake, kuti pulogalamu yodalirika yotero ndilibe. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, inatulutsa chida chozindikirira zolembedwa ndi AI mu Januwale 2023, koma pofika Julaye chaka chomwecho inachichotsa chifukwa chinkaphonya kwambiri. Chaka chomwecho akatswiri a ku Stanford anapeza kuti zida zamtunduwu zimanamizira kawirikawiri anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Apa m'pamene pamandipweteka ine. Mwana wochokera ku CDSS ya kumudzi amalemba Chingerezi cha ziganizo zazifupi ndi mawu odziwika, ndipo ndi iyeyo amene makina angamuloze chala kuti waba. Mayi aja sanayankhe. Analemba kanthu m'kope mwawo, n'kukhala chete tsiku lonse.

Lachiwiri ndilo tsiku limene ndimalikonda pa maphunzirowa. Ndisanayatse kompyuta ndinaima kutsogolo n'kunena kuti, "Mutu umodzi..." Onse pamodzi: "Susenza denga!" Ndinapitiriza: "Kuona maso a nkhono..." Iwo: "N'kudekha!" Kenako ndinawafunsa ngati alipo amene anayamba waganiza za denga kapena za nkhono asanayankhe. Panalibe. Mawuwo anangotuluka chifukwa anawamva kambirimbiri chiyambire ubwana. Makina a AI ngati ChatGPT amagwira ntchito mofananako. Anadyetsedwa zolemba zochuluka zedi, ndipo chimene amachita ndi kulosera mawu oyenera kutsatira pa amene alipo kale. Mawuwo akagwirizana ndi zoona, zili bwino. Akapanda kugwirizana, makinawo amayankhabe molimba mtima chimodzimodzi.

Bambo wina wophunzitsa mbiri, amene wathera zaka zambiri akufukula mafayilo ku National Archives konkuno ku Zomba, anati tiyese. Tinafunsa chida china cha AI za John Chilembwe ndi kuukira kwa mu Januwale 1915. Chinayankha bwino ndithu, ndipo bamboyo anavomereza. Kenako anati, "Tsopano chifunseni mabuku onena za asodzi a ku nyanja ya Chilwa nthawi imene inaphwa mu 1968." Chinatipatsa mndandanda wooneka bwino, wa mayina a olemba, zaka ndi masamba omwe. Bamboyo anavala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono. "Uyu ndikumudziwa, koma buku ili sanalembepo. Ili linali kulibe, ndipo kulibe mpaka lero." M'holo munati zii. Ine ndikanalankhula ola lathunthu za kunama kwa makinawa, sizikanalowa m'mitima ngati mmene zinalowera apa. Za Chilembwe zalembedwa zambiri pa intaneti, pamene za asodzi a ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, n'zochepa, ndiye pamene zolemba zaperewera makina amangodzazapo zopeka. Wophunzitsa Chichewa naye anayesa, ndipo anapeza ziganizo zina zosagwirizana magulu a mayina. Chifukwa chake n'chomwecho: Chichewa chathu chilipo chochepa pa intaneti.

Lachitatu magetsi anazima m'mawa, jenereta inachedwa, ndipo tinagwira ntchito pa mafoni, aliyense ndi bandulo yake. Zinatithandiza kuona mmene wophunzira wokhala ku Chikanda, dera la ku Zomba kumene ophunzira ambiri amachita lendi, amachitira tsiku ndi tsiku. Zida zamphamvu kwambiri zimalipiridwa m'madola, choncho mphunzitsi akalamula kuti aliyense agwiritse ntchito AI, ayambe wafunsa kuti angakwanitse ndani.

Lachinayi tinayamba ndi chenjezo limene sindilidumpha: mayina a ophunzira, manambala awo ndi malikisi siziyenera kuikidwa m'zida zimenezi, chifukwa zikalowa simudziwanso kumene zasungidwa. Ndinatchulanso ndondomeko imene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, inatulutsa mu 2024 ya luso la AI loyenera aphunzitsi, imene imaika munthu ndi umunthu patsogolo pa makina. Kenako aliyense anatulutsa funso la asayimenti limene amapereka chaka ndi chaka, n'kulipatsa makina. Mafunso ambiri a "fotokozani" ndi "tchulani" anayankhidwa m'kanthawi kochepa, bwinonso. Nkhope zinagwa.

Amene anatitsegula maso ndi mphunzitsi wachinyamata wa dipatimenti ya zamaphunziro. Anauza makina kuti akonze dongosolo la phunziro la sayansi la Fomu 2. Linatuluka laudongo, koma linkafuna pulojekita, buku pa mwana aliyense ndi timagulu ta ana anayi. Iye anati, "Ophunzira anga akapita kukayeserera kuphunzitsa, amakapeza kalasi yodzaza mpaka pakhomo, buku limodzi ana khumi. Asayimenti yanga tsopano ikhala iyi: tenga dongosolo la makinali, ukaliyese m'kalasi yeniyeni, udzandiuze pamene lalephera ndi mmene walikonzera." Funso lotere makina sangamuyankhire mwana, chifukwa yankho lake lili m'kalasi imene iyeyo anaimamo.

Ena anaganiza zoti wophunzira azibwera kudzafotokoza pakamwa zimene walemba, kwa mphindi zisanu. A Dokotala ena anafunsa kuti, "Nanga ine wa kalasi ya ana mazana atatu?" Funso limeneli tinalizungulira mpaka nthawi ya tiyi ndipo silinathe. Tinangogwirizana zoyesa kuitana ochepa mwa apo ndi apo pa asayimenti iliyonse. Ine ndemwe sindikukhutira kuti zikwanira, ndipo ndalemba mu lipoti langa kuti akuluakulu aione nkhani ya kukula kwa makalasi.

Lachisanu titagawa masatifiketi, ndikupinda mawaya, mayi a Lolemba aja anatsalira. Anatulutsa m'chikwama pepala la wophunzira lolembedwa ziro wofiira pamwamba. "Achimwene, uyu ndinamupatsa ziro teremu yatha chifukwa pulogalamu ina yapa intaneti inati si iye analemba. Anabwera ku ofesi akulira, ine osamumvera." Ndinawafunsa chimene akufuna kuchita. Anati amuitana Lolemba m'mawa, akhale naye pansi, amufunse ndime ndi ndime zimene analembazo. Anandipempha kuti ndidzakhalepo, ndipo ndavomera kuti ndidzafika 8 koloko.